Ufumu wa Pageti

Ndinalawira kuchoka ku Chamama nthanda isanazime,
envulopu m'jumbo, kuopa fumbi la matola,
m'katimo kalata ya imfa ya mwamuna wanga, Lameki Chimphonda,
amene anasesa maofesi omwewa zaka makumi awiri ndi zinayi.
Ndinkafuna chidindo chimodzi chokha.

Pageti la kwa DC ndinapeza a Gostino Kamzimbi,
jombo zonyezimira ngati zochita kunyambita,
chibonga m'khwapa, wezulo pakhosi,
buku la alendo atalifungata ngati khanda.

"Mukufuna ndani?"
Ndinatchula ofesi.
"Za chiyani?"
Ndinafotokoza.
"Tione."
Anatsegula envulopu ndi zala za mafuta a mandasi
nawerenga matenda amene anatenga mwamuna wanga,
mokweza, mpaka wakabaza anamva,
mpaka mayi wogulitsa nthochi anacheuka.
"Bwana ali kumsonkhano. Komanso patapata sitilola muno."

Ndinayang'ana mapazi anga.
Ndinayang'ana khoma: za patapata sanalembepo.
Panali chithunzi cha udzudzu ndi neti
ndi chipepala chofwifwa chonena kuti thandizo ndi laulere.

Ndinakhala pansi pa kesha.
Mthunzi unandithawa, ndinautsata, unandithawanso.
Inafika galimoto ya magalasi akuda,
a Kamzimbi nawongoka ngati mzati wa chigafa,
sawatcha, geti pululu,
osafunsa dzina, osayang'ana kumapazi.
Ine: "Mubwere Lachinayi."
Lachinayi: "Ya fanta mwatenga?"

A Kamzimbi, ndifunse nawo mwaulemu:
anakupatsani kiyi wa geti
kapena wa boma lonse?
Yanu ndi kuingitsa akuba,
kulemba dzina langa ndi nthawi,
kuloza chala kuti chitseko chachitatu kumanzere.
Chidindo si chanu.
Matenda a Lameki sanali anu owerenga.
Zimene amandidula pa belo lililonse la fodya
ndi zomwe zinagula penti ya geti mukuliumirirali.
Izi ndinangoyankhula chamumtima;
pakamwa panatuluka "zikomo, bwana."

Loweruka ndinali kuchipatala chachikulu,
kudwazika mlamu wanga Esinta.
Madzulo, pochokera kukagula sopo,
ndinapeza bambo pageti, malaya othetheka m'kolala,
patapata kumapazi, lina lomanga ndi waya,
kontena ya phala m'manja.
"Achimwene, mkazi wanga sanalawe kanthu chidzulo."
Mlonda wa pamenepo, mnyamata ndevu zisanamere,
osadzutsa nkomwe maso pa foni:
"Nthawi yoona odwala yatha. Mawa."

Ndinawazindikira ndi chipsera cha pachibwano.
Opanda chipewa anali wamfupi.

Mtima unati seka.
Unati afunse ya fanta.
Koma phala linali kuzizira,
ndipo wodwalayo sanandikanizepo geti.
"Ali wodi iti?"
Anandiyang'ana, nayang'ana patapata zanga,
kenaka zawo.
Ndinalowa nayo kontenayo, poti ine amandidziwa kuti ndine gadiyani.
Mayiyo anamwa masipuni asanu ndi awiri.

Lolemba ndinafikanso kwa DC.
Jombo zinali kunyezimira monga kale.
Analemba dzina langa osandifunsa,
Chimphonda, zilembo zonse m'malo mwake,
naloza chala: chachitatu kumanzere.
Maso athu sanakumane.

Ndisanafike pakhonde ndinamva kumbuyo
mawu aja atabwerera m'chifuwa mwawo:
"Madala, mukufuna ndani? Chipewacho vulani!"
Anali gogo wina wa ku Santhe, ndodo ikunjenjemera.

Chitseko chachitatu ndinachipeza chokhoma.
Mwini chidindo ali patchuthi,
abwera mwezi wa mawa.
Ndinabwerera kukesha kuja,
nkuwasunthira agogo aja pamthunzi.